Loja ya mankhwala a ziweto ku Ulongwe komwe ndinabayitsa tiana ta galu wanga, ndi nkhani ya panda yomwe ndinaimva pa kauntala

Anthu angapo akhala akundifunsa kuti agalu anga ndinakabayitsa kuti ndipo zinayenda bwanji, nde lero poti kwazizira kwambiri kuno ku Angónia ndipo kudimba sindikupita ndati ndikhale pansi ndilembe zonse bwinobwino. Dzina la loja sinditchula, koma wa ku Ulongwe aliyense aidziwa, ndi kaloja kakang'ono ka mankhwala a ziweto kufupi ndi msika waukulu, komwe amagulitsanso chakudya cha nkhuku, mankhwala a nkhupakupa, katemera wa chitopa ndi mbewu za ndiwo zamasamba. Amene amabaya ndi mayi wina wachitsikana, tekinika wa za ziweto.

Ndiyambe ndi chomwe chinandipititsa kumeneko. Ine ndimalima ndi kugulitsa mbatata ya kachewere, ndipo agalu kwa ine si zoseweretsa ayi, ndi amene amalondera nyumba yosungira matumba ndi khola la mbuzi usiku. Chaka chatha galu wanga wamkazi anaswa ana 6, okongola zedi, ndipo kunabwera bambo wina pa mota akuti akubaya agalu, mabotolo ali mu jumbo m'thumba la jekete, dzuwa la mwezi wa October lili phwee. Anabaya kamodzi aliyense, jakisoni yemweyo agalu onse, nati basi zatha awa atetezedwa moyo wawo wonse, ine ndinalipira. Patangopita miyezi iwiri tiana tija tinayamba kutuluka manthongo m'maso, mamina okhuthala, kutsokomola, kusanza, kukana kudya, kenako kamodzi kanayamba kunjenjemera nsagwada ngati kakutafuna chinachake kenako kugwa ngati khunyu. Tinayi tinafa pasanathe milungu itatu. Mwana wanga wamng'ono ndi amene ankatipatsa phala ndipo analira masiku angapo, mpaka pano ndikakumbukira mtima umandiwawa. Ndi matenda aja pa Chipwitikizi amati esgana, ena amati distemper.

Nde chaka chino galu yemwe uja ataswanso, ana 5, ndinati ulendo uno ndipita ndekha ku loja ndikaone ndi maso anga.

Choyamba chomwe chinandigwira mtima ndi jelera, firiji ija yosungiramo katemera. Musaone ngati nkhani yaing'ono. Jelera yawo ndi ya katemera yekha, mulibe Fanta mulibe nsomba, mkati muli kachipangizo koyezera kuzizira ndipo pachitseko amata pepala lomwe mayi aja amalembapo m'mawa ndi madzulo kuti ili pa madigiri angati. Anandiuza kuti katemera ameneyu amayenera kukhala pakati pa 2 ndi 8, akatentha amafa, akauma ngati mwala amaonongekanso. Magetsi akathima ali ndi batire ya sola, ndipo akamapita kukabaya kumidzi amanyamula mu kolimani yokhala ndi madzi oundana. Apo mpamene ndinazindikira kuti zomwe anabaya bambo wa pa mota uja mwina anali madzi chabe ofunda. Katemera amabwera m'timabotolo tiwiri, kena ka ufa kena ka madzi, amasakaniza pamaso pako nthawi yomweyo, amakuonetsa tsiku lothera mphamvu, kenako amamatula kapepala ka pabotolo nkumata mu kaderneta, kabuku ka katemera ka galuyo. Galu aliyense singano yake yatsopano, ndinaona akutsegula.

Asanabaye anayeza kutentha kwa thupi kwa kagalu kalikonse, anayang'ana nkhama ndi m'maso, anafunsa ngati ndinatipatsa mankhwala a njoka zam'mimba. Kamodzi kanali kofooka kakutsekula m'mimba, anakana kukabaya tsiku limenelo, anati kayambe kachira mubwere nako sabata yamawa. Ndalama yake akanatha kungolandira koma anakana. Izi ndinazilemekeza.

Pomwe tinasemphana ndi pomwe anandiuza kuti ndibwerenso kawiri, kuti katemera ndi maulendo atatu, motalikirana milungu itatu kapena inayi, komaliza tiana titakwana milungu 16. Ine mtima unali udakali wowawa ndi za chaka chatha nde ndinayankhula mosabisa, ndinati mayi, apa simukungofuna kundidyera ndalama? Sanakwiye. Anati abambo khalani pa benchipo, muli ndi nthawi pang'ono? Kenako anatapa nyemba, nsawa ndi chimanga m'matumba ambewu nkuika milu itatu pa kauntala. Zomwe anandifotokozera pamenepo ndi zomwe zandipangitsa kulemba zonsezi, chifukwa palibe munthu anandifotokozerapo chonchi chibadwire.

Anati m'magazi mwa galu, mwa munthu, mwa mbuzi, muli tinthu tomwe iye amati anticorpo, ena amati ma antibodi, tomwe timagwira kachilombo nkukamata kuti kasalowe m'maselo. Kalikonse kooneka ngati mphanda, ngati chilembo cha Y, kopangidwa ndi timaunyolo tinayi, tiwiri titalitali tolemera tiwiri tifupitifupi topepuka, ndipo kunsonga kwa mphandayo nkomwe kumagwira. Vuto ndi loti antibodi imodzi imagwira mtundu umodzi wokha wa chinthu, ngati kiyi ndi loko wake, ndipo tizilombo padziko pano ndi tosawerengeka. Nde thupi lingasunge bwanji malangizo a makiyi onsewo? Malangizowo amakhala m'majini, osati majini a mizimu aja ayi, koma tizidutswa ta DNA tomwe mwana amatengera kwa make ndi bambo ake. Munthu ali ndi majini opanga mapuloteni pafupifupi 20,000 okha, sangakwane kuti kiyi aliyense akhale ndi jini yake.

Apa mpomwe nyemba zinagwira ntchito. Anati mulu wa nyemba ndi tizidutswa totchedwa V, nsawa ndi D, chimanga ndi J. Selo lililonse lopanga ma antibodi, amati selo la B, likamakula m'mafuta a mkati mwa mafupa limatola nyemba imodzi, nsawa imodzi, chimanga chimodzi, nkudula DNA yake yomwe, kutaya zapakati, nkulumikiza zitatuzo. Kudula kwenikweni, pali mapuloteni awiri RAG1 ndi RAG2 omwe ndi ngati sizasi. Mwa munthu tizidutswa ta V togwira ntchito ta unyolo wolemera ndi pafupifupi 40, ta D 23, ta J 6, nde anandiuza kuti ndichulukitse pa foni, zinatuluka 5,520. Kenako unyolo wopepuka nawo umatola zake, V ndi J basi, ndipo polumikizira paja thupi limadulako pang'ono nkuonjezerapo tizilembo tina mwachisawawa, nde mitundu imafika mamiliyoni osawerengeka. Ine ndinangoti kakasi. Ndimaganiza kuti zomwe unabadwa nazo zimakhala chomwecho osasintha mpaka kufa, osadziwa kuti m'mafupa mwanga muli maselo omwe tsiku ndi tsiku akudula ndi kusoka ngati telala. Amene anaonetsa zimenezi ndi wasayansi wa ku Japan, Susumu Tonegawa, mu 1976 ali ku Basel ku Switzerland, ndipo analandira mphoto ya Nobel mu 1987.

Nde katemera amatani? Anati pakati pa maselo mamiliyoni aja pamakhala ochepa kwambiri omwe mwamwayi kiyi wawo amakwana pa kachilombo ka esgana. Katemera amabweretsa kachilombo kofooketsedwa, maselo ochepa aja akakaona amayamba kuswana, ndipo m'timitsempha tija timatupa tikakhala ndi mwanabere, m'khwapa kapena m'mphechepeche, amapitiriza kusintha tizilembo ta jini yawo kuti kiyi azigwira molimba kuposa poyamba. Poyamba amapanga mtundu wotchedwa IgM kenako amasinthira ku IgG womwe umakhalitsa m'magazi, ndipo ena amatsala ngati osunga chikumbumtima kwa zaka. Zonsezi sizichitika tsiku limodzi, zimafuna sabata imodzi kapena ziwiri.

Koma chifukwa chenicheni cha maulendo atatu ndi mkaka wa make. Kagalu kakangobadwa kamayamwa mkaka woyamba uja wachikasu wokhuthala, ndipo mmenemo muli ma antibodi a make omwe amadutsa m'matumbo kulowa m'magazi tsiku loyamba lokha, pambuyo pake njira imatsekeka. Amenewo amakateteza milungu yoyambirira, koma omwewonso amagwira katemera nkumuthetsa mphamvu thupi la kagalu lisanaphunzire kanthu. Ndipo amatha nthawi zosiyana, kena pa milungu 8 kena mpaka 14 kapena kupitirira, ngakhale tiana ta mimba imodzi, kutengera kuti kanayamwa bwanji. Poti sungadziwe ndi maso kuti ka uyu atha liti, umabaya mobwereza kuti ulendo umodzi ugwere pa nthawi yoyenera. Nditamva zimenezo ndinapepesa, ndinati mayi mundikhululukire ndinayankhula ndi mkwiyo wa munthu wina.

Za panda zinabwera chifukwa pakhoma pa loja pali chithunzi chake, chinyama choyera ndi chakuda chija chamaso ngati chapaka makala, ndipo mwana wanga yemwe ndinapita naye anafunsa kuti chimenechi mumabayanso? Mayi aja anaseka nati ayi chili kutali ku China, koma matenda omwe anapha tiagalu tanu anaphanso zimenezi. Ine ndinadabwa. Anati panda ndi chimbalangondo, ndipo zimbalangondo ndi agalu ndi pachibale chapatali, zonse zili m'gulu la nyama zodya nyama ngakhale panda anasiya nkumadya nsungwi pafupifupi zokhazokha, makilo opitirira 12 pa tsiku. Kumapeto kwa 2014 mpaka 2015 esgana inalowa pamalo ena osungira ndi kusamalira nyama zosowa m'chigawo cha Shaanxi, ma panda 6 anagwidwa, 5 anafa. Imodzi yomwe inapulumuka ndi yomwe inali itabayidwapo katemera wa esgana kale. Mawu amenewa anandilowa kwambiri, chifukwa ndi nkhani yomweyo ya pakhomo panga koma pa nyama yomwe dziko lonse limaisamala ngati dzira.

Kuti mumvetse kukula kwake, kalembera wa boma la China yemwe zotsatira zake zinatuluka mu 2015 anapeza ma panda 1,864 okha m'tchire, m'mapiri a Sichuan, Shaanxi ndi Gansu. Kuno mudzi umodzi waukulu ukhoza kukhala ndi mbuzi zoposa pamenepo. Nde kutaya zisanu pamalo amodzi ndi maliro enieni. Mu 2016 bungwe loona za chilengedwe padziko lonse la IUCN linaitsitsa pa mndandanda wa nyama zomwe zili pafupi kutha nkuika pa zomwe zili pachiopsezo chocheperako, koma chiwerengero chidakali chochepa ndipo zimakhala m'timagulu tolekanitsidwa ndi misewu ndi minda, zomwe zimapangitsa kuti zizikwerana pachibale.

Anandiuzanso kuti asayansi anawerenga DNA yonse ya panda, zinasindikizidwa mu 2010, anatenga magazi a yaikazi yotchedwa Jingjing ya ku Chengdu, mzinda wa ku Sichuan. Atakhala ndi zimenezo anatha kufufuza majini a ma antibodi ake, ndipo dongosolo ndi lomwe lija la nyemba, nsawa ndi chimanga, V, D ndi J, ndi mitundu isanu ya antibodi yomwenso galu ndi munthu ali nayo, IgM, IgD, IgG, IgE ndi IgA. Unyolo wopepuka uli mitundu iwiri, kappa ndi lambda, ndipo nyama zimasiyana pa womwe zimaugwiritsa ntchito kwambiri, mbewa za m'labu pafupifupi ma antibodi onse ndi a kappa, munthu kappa wochulukirapo pang'ono, pomwe galu ma antibodi 9 pa 10 ndi a lambda. Ndinafunsa kuti nanga phindu lake nchiyani kudziwa zonsezi pa nyama yakutchire. Anati abambo, mukabaya panda mudziwa bwanji kuti katemera wagwira? Simungaipatse matenda dala kuti muone ngati ifa. Muyenera kutenga magazi nkuyeza ma antibodi ake, ndipo kuti mupange choyezera chabwino muyenera kudziwa kuti antibodi ya panda inapangidwa motani. Komanso katemera wa agalu wokhala ndi kachilombo kamoyo kofooketsedwa sungangobaya nyama iliyonse yakutchire, pali nyama zina ngati panda wofiira, kanyama kena kakang'ono kosiyana ndi chimbalangondochi, zomwe zinadwala esgana kuchokera ku katemera yemweyo. Chomwe chili chofooka kwa galu chikhoza kukhala champhamvu kwa wina.

Ndipo za mkaka woyamba zija zimakhudzanso panda kwambiri. Kamwana kake kamabadwa kolemera pafupifupi magalamu 100, kopanda ubweya weniweni, kosaona, kakang'ono ngati khoswe pomwe make ndi wa makilo pafupifupi 100. Kawirikawiri amabereka mapasa koma amalera kamodzi, nde osamalira ku Chengdu amasinthanitsa, kena kali ndi make kena kali m'bokosi lofunditsa, kenako kusintha, kuti tonse tiwiri tiyamwe mkaka wa make. Mwana wanga anamvetsera kukamwa kuli yasa, ndipo tikubwerera anandiuza kuti akufuna kudzaphunzira za ziweto.

Chinanso chomwe anatchula mwachidule, ku Serengeti ku Tanzania mu 1994 matenda omwewa anapha mikango pafupifupi 1,000, gawo limodzi mwa magawo atatu a mikango ya kumeneko, ndipo amakhulupirira kuti anachokera kwa agalu a m'midzi yozungulira. Kachilomboka ndi ka banja limodzi ndi ka chikuku cha ana athu. Ndinaganiza za abale athu okhala kufupi ndi paki ya Mágoè omwe agalu awo amalowa m'tchire tsiku lililonse.

Tsopano zomwe sizinandisangalatse, chifukwa zilipo ndipo ndinawauza pamaso. Mtengo ndi wowawa. Katemera wophatikiza uja, wa esgana, parvo wotsekula magazi ndi matenda ena, pa tiana 5 maulendo atatu, ndalama yonse inandidyera matumba angapo a mbatata, ndipo munthu wamba wakumudzi sangakwanitse, palibe kuchotsera ngakhale ubwere ndi agalu ambiri. Ndinapempha kuti aganizirepo, mwini loja anati katundu amachokera kutali ndipo kumusunga mozizira njira yonse kumadula, ndikumvetsa koma zikupwetekabe. Chachiwiri katemera amatha. Ulendo wachiwiri ndinafika ndi dengu la tiagalu pa njinga anandiuza kuti watha akudikira wochokera ku Tete, ndinabwerera, ndinadikira masiku 6, ndipo palibe anandiimbira ngakhale nambala yanga anali nayo. Kwa ine ndi pafupi, koma wochokera ku Domue kapena ku Tsangano atalipira chapa, minibasi ija, nkubwerera chimanjamanja zingamupweteke kwambiri. Imbani kaye musananyamuke. Chachitatu kaderneta ndi ka Chipwitikizi chokhachokha ndipo zolemba zake ndi zazing'ono, agogo ambiri sangawerenge tsiku lobwerera, zikanakhala bwino akanalembako m'Chichewa kapena kutumiza meseji. Malo odikirira ndi opanikiza, agalu odwala ndi abwino amakhala pamodzi pakhonde, zomwe mayi aja eni ake anavomereza kuti si bwino chifukwa esgana imafala ndi mpweya ndi mamina, nde ine ulendo wotsatira ndinasunga tiana tanga m'dengu patali osatitsitsa pansi mpaka nthawi yathu. Komanso tekinika ndi mmodzi yekha, akapita kumidzi mnyamata wotsala pa kauntala amagulitsa koma sabaya ndipo mafunso ambiri sayankha. Tsiku la msika mzere umatalika, pitani m'mawa pakati pa sabata.

Kulipira amalandira ndalama pamanja komanso M-Pesa ndi e-Mola, ndipo amapereka resibo osachita kupempha.

Pa zonse ndikawerengera, ndibwereranso ndipo ndauza kale achimwene anga ndi aneba awiri kuti apite kumeneko. Ndikanapereka nyenyezi ndikanati zinayi pa zisanu, imodzi ndachotsa chifukwa cha kutha kwa katemera ndi kusaimba foni. Mukapita funsani kuti akuonetseni jelera ndi botolo, sakana, ndipo wina aliyense wobwera pakhomo panu ndi katemera m'thumba la jekete musamulole kukhudza galu wanu.

Tiana tonse 5 tilipo, tinamaliza ulendo wachitatu ndipo tinabayidwanso wa chiwewe, yemwe ndi wosiyana ndipo amayamba pa miyezi itatu. Kofooka kaja ndi komwe pano kakulusa kuposa tonse, kamagona pakhomo pa nyumba ya mbatata. Mayi aja analemba mu kaderneta tsiku lodzabwereza chaka chamawa, ndipo anapatsa mwana wanga nyemba, nsawa ndi chimanga zija mu kapepala kuti akaonetse anzake ku sukulu, anakaonetsadi Lolemba lotsatira ndipo aphunzitsi ake a Biologia anamuuza kuti akabwereze kutsogolo kwa kalasi yonse.